Mawu Amachedwa m'Thovu

Amene anayamba kundibweretsera uthengawo ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wamkazi. Iyeyu amayendetsa basi, ndipo tsiku limenelo anayenera kuweruka madzulo, koma ndinamva kiyi ikulira pachitseko nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ine ndinali kukhitchini ndikusita yunifomu ya mkazi wake, amene ndi nesi kuchipatala ku Walsall. Mkamwiniyo anafika pakhomo la khitchini, anavula chipewa, n'kunjuta pomwepo m'kanjira kathu kopanikiza kaja. Chibwerereni kuno kudziko la azungu ndinali nditamuletsa zonjuta. Ndinkamuuza kuti bambo, kuno n'kwa eni, mudzatha mawondo pachabe. Ndiye nditaona kuti wanjuta, ndinazimitsa simbi.

Anati, "Amayi, kwabwera foni kuchokera kukampani ya sitima ija. Alamu agwera m'nyanja m'mawa uno. Akuwafunafuna."

Ndinafunsa ngati awaona. Anati ayi, akufunabe. Sindinalire. Ndinapinda yunifomu ija bwinobwino, ndinaiika pampando, kenaka ndinamuuza kuti adzuke, pansi pakuzizira. Mawu oti akufunabe ndinawalandira ndi manja awiri, ndipo ndinakhala nawo miyezi.

Amene anagwera m'nyanjayo anali mwana wanga wamwamuna, chitsiriza. Ndinabereka anayi, awiri Mulungu anawatenga ali makanda, kunatsala awiriwa. Bambo awo anamwalira tili kwathu ku Thyolo. Ine sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma ana anga Ambuye anawapatsa mitu, ndipo pa chimenechi sindidzaleka kuthokoza. Wamkazi anabwera kuno nthawi ija manesi ambiri ankachoka kwathu, zaka za m'ma 2000 zitangoyamba. Atakhazikika, anandiitanitsa kuti ndidzalere mwana. Mchimwene wake anatsatira pambuyo, atapeza malo kuyunivesite kuti apitirize maphunziro a za miyala ndi nthaka. Tonse tinkakhala m'nyumba imodzi ku Small Heath, mumzinda wa Birmingham. Iye ankagona m'kachipinda kakang'ono kam'mwamba, koti akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Loweruka ndi masiku a holide ankapita ku Telford kukanyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu. Ankabwerako msana ukuwawa, koma pakamwa pali nthabwala.

Atamaliza maphunziro anandiuza kuti wapeza ntchito pasitima ya m'nyanja yamchere, kumpoto uko. Linali Loweruka m'mawa, kukuzizira, ine ndikuteleka ketulo. Ndinamufunsa kuti iwe unaphunzira za miyala, nanga m'madzi ukukafunamo chiyani, miyala yatha kumtunda?

Anaseka. Anati, "Mayi, pogula mphika wadothi kumsika mumatani?"

Ndinati ndimaugogoda ndimve kulira kwake.

"Basi. Ifenso timagogoda pansi pa nyanja."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga ankachitira nthawi zonse, osandichititsa manyazi. Anati sitimayo imakoka zitsulo zodzaza mpweya wopanikizidwa kwambiri. Chitsulocho chikatsekuka, mpweya umatuluka wonse nthawi imodzi ndi mkokomo waukulu, n'chifukwa chake eni ntchito amazitcha mfuti, ngakhale mulibe chipolopolo. Mkokomowo umatsika mpaka pansi pa nyanja, umalowa m'miyala, n'kubwerera, ngati mmene mawu amabwererera munthu ukakuwa pafupi ndi phiri. Kumbuyo kwa sitima kuli zingwe zitalizitali zokhala ndi timakutu tomvera. Iwo amayeza kuti mawu atenga nthawi yotani kupita ndi kubwera, ndipo potero amadziwa kuti mwala wakutiwakuti uli pakuya bwanji, ndiponso kumene kungakhale mafuta.

Ndinati ndamva, nanga iweyo ndiwe wowombera kapena womvera? Anati iye ndi wa thovu.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ndinati zaka zonsezi mchemwali wako wakhala akugwira mashifiti a usiku kuti iwe ukhale wa thovu, bwanji osangobwera kuno kusinki, thovu lilipo lambiri. Iyenso anaseka, koma anapitiriza. Anati mfuti ikalira, thovu lalikulu limakwera pamwamba msanga n'kuphulika. Koma pamatsala tina ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, tongoyandama m'madzi ngati fumbi m'nyumba yongosesedwa kumene. Mfuti ikaliranso, mawu ake amadutsa m'timathovu timeneti, ndipo amachedwa. Madzi paokha safinyika, ndiye mawu amathamangamo. Koma mukangolowa kampweya pang'ono, madziwo amafewa, mawu n'kumayenda ngati munthu woponda m'matope. Munthu wosadziwa zimenezi akaona mawu abwera mochedwa amati mwala uli pansi kwambiri, pamene uli pafupi. Ntchito yake inali yoyeza kuchedwa kumeneku kuti anzake asanamizidwe.

Ataona kuti ndikungogwedeza mutu mwaulemu, anatenga kapu, anathiramo madzi otentha ndi ufa wa koko, n'kutakasa mwamphamvu. Kenaka anayamba kugogoda pansi pa kapuyo ndi supuni, mkati momwemo. Anati, "Mayi, inu ndinu a kwaya. Tamverani."

Poyamba kapu inkalira motsika, go, go, go. Iye sanasinthe kagogodedwe, koma kulirako kunayamba kukwera kokha, pang'onopang'ono, mpaka kunafika nge, nge, nge. Ndinamulanda supuni poganiza kuti pali chimene akuchita ndi chala. Ndinatakasa ndekha, ndinagogoda ndekha, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinati aa, yayamba ndi besi, yatsiriza ndi sopulano. Anaomba m'manja, amvekere aphunzitsi ake onse sanafotokozepo bwino chotero. Anati pamene ikuimba besi ndiye kuti m'kapu mwadzaza timathovu tochokera mu ufa wa koko, mawu akuchedwa. Timathovu tikamatuluka, mawu amathamanga, nyimbo n'kumakwera.

M'mawa mwake kutchalitchi ndinalakwitsa. Timapemphera muholo yobwereka ku Walsall, Amalawi ndi abale athu a ku Zambia pamodzi. Itafika nthawi ya zopempherera ndinaimirira, ndinati abale ndi alongo, mundipempherere mwana wanga, akupita kunyanja kukagwira ntchito ya mfuti. Masiku amenewo pa TV pankangooneka nkhondo. Mayi wina wa ku Zambia anagwa maondo pomwepo n'kuyamba kudzudzula mzimu wa chipolopolo, ena n'kumavomera. Mwana wanga anali kumbuyo, atabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Anthu ankayesa akulira. Pa nthawi ya tiyi anachita kuzungulira gulu lililonse kufotokoza kuti si msilikali, ndipo pomaliza anatenga kapu ndi khofi wa ufa wa patchalitchipo n'kuwaimbitsa besi ndi sopulano. Tsiku limenelo khofi anatha, chifukwa aliyense ankafuna kuyesa yekha, ndi abusa omwe.

Anapita. Ankakhala milungu ingapo panyanja, n'kubwera kudzapuma, n'kupitanso. Akakhala kusitima ankaimba foni Lamulungu masana, tikabwera kutchalitchi. Foni ya kusitima inali yovuta. Ukalankhula pamakhala kachete, kenaka yankho limabwera iwe utayamba kale mawu ena, ndiye tinkangogundana pakamwa. Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi kuchedwa kumeneku ndi thovu lija? Panapita kachete kaja, kenaka ndinamva kuseka kwake.

Anati, "Eya, Mayi, ndi thovu. Musamadule foni. Mawu anga amachedwa, koma amafika."

Kuyambira pamenepo mawu oti thovu anasanduka a m'nyumba mwathu. Mkamwini akachedwa kuweruka ankati basi inalowa m'thovu pamsewu wopita m'tauni. Mwana wanga wamkazi akamadikira mapepala ake okhalira m'dziko muno, ife tinkati ali m'thovu, abwera. Mdzukulu wanga, amene amayankha m'Chingerezi chokhachokha ngakhale umulankhule Chichewa chotani, liwu limeneli lokha analigwira. Ndipo ine ndinalitenga n'kulowa nalo m'pemphero. Ndikapempha chinthu kwa Mulungu osayankhidwa msanga, ndinkati palibe kanthu Atate, ndadziwa, yankho lanu likudutsa m'thovu. Zinkandilimbitsa mtima kwambiri. Ndinachitirapo umboni kumsonkhano wa amayi, ndipo ena mpaka lero amanenabe.

Ndiye tsiku lija mkamwini atanjuta pakhomo la khitchini, mtima wanga unali ndi pothawira kale.

Anafufuza panyanja ndi sitima zina ndi ndege, kenaka analeka. A kampani anatuma anthu awiri kudzatifotokozera. Anati kunali mafunde, anyamata ankakweza zitsulo kumbuyo kwa sitima, funde lina linakwera n'kumukokolola. Anati madzi a kumeneko ndi ozizira koti munthu sakhalitsamo. Mwana wanga wamkazi ankamasulira akulira. Ine ndinawathokoza chifukwa chobwera, ndinawapatsa tiyi, koma mumtima ndinkati awa sakumudziwa. Mwina sitima ina inamutola, ya anthu a chilankhulo china. Mwina ali m'chipatala kudziko lina, sakukumbukira nambala. Anandiuza yekha kuti ndisamadule foni.

Anthu a kutchalitchi anabwera madzulo ake kudzakhala nafe monga timachitira. Anachotsa mipando pabalaza, amayi anayala zitenje pansi. Mayi wina atayambitsa nyimbo ya maliro ndinamugwira dzanja. Ndinati pepani amayi, muno mulibe maliro, imbani ina. Anayang'anana, kenaka anaimba ya chiyembekezo. Anabwera masiku angapo, koma poti panalibe cholira, anayamba kuchepa mmodzimmodzi. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Msilamu wa ku Pakistan, anabweretsa mpunga mumphika waukulu. Iye Chingerezi chake n'chochepa ngati changa, ndiye anangondigwira kumaso ndi manja onse awiri. Mulungu amudalitse mayi ameneyo. Mpunga ndinalandira, koma ndinapatulako mbale ina n'kuika mufiriji.

Kwathu munthu akapita ndi madzi osapezeka, sasiyidwa choncho. Amadula thunthu la nthochi, amalikulunga munsalu, n'kuliika m'manda monga munthu, kuti abale alire, amete, moyo upitirire. Mchimwene wanga, amene ndi mwini mbumba, anaimba foni kuti zonse akonza, malo apatula pafupi ndi bambo ake a mwanayo, akungodikira mawu anga. Popanda mayi wake kuvomera sakanadula nthochiyo. Ndinati achimwene, dikirani. Anadikira mwezi, anaimbanso. Ndinati dikirani. Anati achemwali, mudzi wonse uli chiimire, anthu akulephera kumanga maukwati, akuti pakhomo pano pali maliro osaika. Ndinati munthu wamoyo saikidwa. Kunonso abusa anafunsa kangapo ngati tingachite mwambo wa mapemphero omukumbukira, ndipo yankho langa linali lomwelo.

Amene anavutika kwambiri ndi mwana wanga wamkazi. Iye ndi nesi, amadziwa chimene madzi ozizira amachita ndi thupi la munthu. Koma m'nyumba mwake momwe sankatha kulira mchimwene wake, chifukwa akayamba ine ndinkati ukumulirira ndani, ukufuna kumuitanira tsoka? Ndiye ankalirira m'basi popita kuntchito. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankatsika sitopu imodzi asanafike, kuti mphepo imuume nkhope. Anaonda, yunifomu ija ndinkasita inayamba kumukhuthukira. Mkamwini ankangoyenda chonyang'ama m'nyumba, osadziwa kuti aime mbali iti, ya mkazi wake kapena ya apongozi.

Ine Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi foni, osavula ndi nsapato zomwe. Ndipo m'mawa uliwonse, anthu akapita kuntchito ndi kusukulu, ndinkapanga koko n'kugogoda kapu. Go, go, go. Ndinkamvera ikukwera, mtima n'kumakwera nayo, ndikupemphera kuti Ambuye, chotsani thovu pakati pa ine ndi mwana wanga. Koma ndinkaleka ili pakati. Isanafike pamwamba ndinkatakasanso kuti ibwerere ku besi, kapena ndinkangomwa. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndikutero. Dzanja linkangoleka lokha.

Chisanu chitatha, mitengo ya mumsewu mwathu itayamba kuphukira, kunabwera mlendo. Anali mayi wachizungu wa ku Scotland, wamng'ono ndithu, amene ankagwira ntchito imodzi ndi mwana wanga pasitimapo, yoyeza thovu yomweyo. Anapempha yekha kuti abweretse chikwama chake m'malo mochitumiza. Anakwera sitima ya pamtunda ulendo wautali, n'kufika pakhomo pathu chikwama chili kumsana. Tinamulandira pabalaza, mwana wanga wamkazi ali pakati kumasulira.

M'chikwamamo munali zovala, Baibulo lake, ndi chipewa chaubweya chimene ndinamulukira. Pansi penipeni panali kapu yokulungidwa mujuzi, supuni ili momwemo. Mayiyo ataiona anamwetulira misozi ili m'maso. Anati pasitima yonse panalibe munthu amene sanaimbitsidwe kapu imeneyi, kuyambira woyendetsa mpaka wophika. Anati ndipo nthawi zonse ankanena kuti mayi anga amati imayamba ndi besi n'kutsiriza ndi sopulano. Mawu awiri amenewa ndinawamva ndekha asanamasuliridwe.

Ndinaona kuti uyu ndi munthu wodziwa zimene mwana wanga ankadziwa. Ndinauza mwana wanga wamkazi kuti, "Tawafunsa. Mawu akalowa m'thovu amachedwa nthawi yaitali bwanji?"

Iye anadziwa kumene ndikupita. Anati, "Mayi, asiyeni alendo amwe tiyi."

"Funsa."

Anafunsa. Mayi uja nkhope inamasuka, ngati munthu amene wapatsidwa funso loti angathe kuyankha pa tsiku lovuta. Anayamba kufotokoza ndi manja, akuonetsa kampata kakang'ono pakati pa zala ziwiri. Ali mkati anayang'ana mwana wanga wamkazi, n'kuona mmene nkhope yake inalili, mawu ake anayamba kuzilala mpaka analeka. Kunja kunkamveka kuitana kwa kumzikiti.

Ndinati, "Usandibisire. Chingerezi sindimva chonse, koma nkhope yako ndimaimva."

Anapukuta m'maso. Anati, "Akuti kuchedwa kwake n'kochepa kwambiri, Mayi. Kuphethira kwa diso n'kotalika. Khutu la munthu silingakuzindikire, amakuona ndi makina okha."

"Nanga thovulo limakhala m'madzi mpaka liti?"

Anafunsanso, ndipo yankho linali lalifupi. "Akuti sitima ikadutsa, pakapita kanthawi limatha. Madzi amabwerera mwakale."

"Nanga pafoni paja? Anandiuza yekha kuti ndi thovu."

Ili sanamufunse mlendoyo. Anandigwira bondo, anati, "Mayi, pafoni si thovu. Ndi kutalika kwa njira imene mawu amayenda. Achimwene ankangocheza nanu. Mukuwadziwa mmene analili."

Analili. Aka kanali koyamba kuti munthu anene choncho pamaso panga ine osamudzudzula.

Ndinanyamuka ndi kapu ija kupita kukhitchini. Sanandiletse, sananditsatirenso. Ndinaitsuka, ndinateleka ketulo, ndinathira koko, ndinatakasa. Ndinayamba kugogoda. Go, go, go. Inayamba kukwera. Itafika paja ndinkalekera, dzanja linafuna kuleka, koma ndinati ayi, lero ndimva mpaka kumapeto. Inakwera, inakwera, kenaka inaima. Nge, nge, nge. Ndinagogodabe. Sinakwerenso. Ndinagogoda mpaka utsi unaleka kutuluka m'kapu, koma kulira kunali komweko, koyera, kopanda chotchinga chilichonse. Thovu linali litatha kalekale. Panalibe chochedwetsa mawu a mwana wanga. Akanakhala kuti akuitana, bwenzi nditamumva.

Kulira kumene ndinalira pamenepo sindingakulembe. Ndimangokumbukira kuti ndinali pansi, nditatsamira chitofu, ndipo mwana wanga wamkazi anali atandikumbatira, nayenso akulira mokweza koyamba m'nyumba mwake. Tinamutchula mayina ake onse, ndi aubwana omwe. Mlendo uja anaima pakhomo la khitchini, pomwe ananjuta mkamwini paja, osadziwa chochita. Kenaka anakhala nafe pansi. Mayi woyandikana nafe anamva kudzera kukhoma, chifukwa makoma a nyumba zimenezi sabisa kanthu, ndipo anabwera osagogoda.

Madzulo ake ndinatuma mkamwini kukagula khadi la foni kusitolo yapakona. Ndinaimbira mchimwene wanga. Foni ya kumudzi nayonso imachedwa, ndiye nditanena kuti achimwene, dulani nthochi ija, panakhala kachete. Ndinadikira. Kenaka ndinamva akuti, "Zikomo achemwali. Mwamumasula mwana." Kumbuyo kwawo ndinamva mayi wina akuyambitsa maliro, ena n'kulandira.

Tinagwirizana kuti zichitike tsiku limodzi. Iwo akuika thunthu la nthochi pafupi ndi bambo ake, ife tinali muholo ija ku Walsall. Anthu anabwera ochokera ku Telford, ku Birmingham konse, manesi ena atangoweruka shifiti ya usiku, maso ali psuu. Anabweranso anyamata amene ankanyamula nawo makatoni. Mayi uja ndinamuletsa nyimbo tsiku loyamba ndinamupempha kuti ayambitse yomweyo, ndipo anaiyambitsa. Mayi wa ku Zambia amene anadzudzula mzimu wa chipolopolo anandinong'oneza kuti amama, tinapempherera mfuti, tinaiwala madzi. Ndinamuuza kuti Mulungu sanaiwale, anali naye m'madzimo. Ndinanena choncho kuti ndimutonthoze, koma ndikamapita ndi masiku ndikuona kuti ndi chokhacho chimene ndatsala nacho, ndipo chikundikwanira.

Sindinganame kuti ndamvetsa. Pali masiku amene ndimafunsa Ambuye kuti pa ana anayi munandisiyira mmodzi, kodi ndinkawasunga moipa? Safulumira kuyankha, ndipo masiku ano sindinenanso kuti ndi thovu. Ndimangokhala chete pamaso pake, Iyenso chete, ngati anthu awiri okhala pamaliro. Koma ndimathokoza. Ndimathokoza kuti anandibwereka mwana amene sanachite manyazi ndi mayi wosaphunzira, amene anatenga nzeru za m'mabuku akuluakulu n'kuziika m'kapu kuti nanenso ndilaweko. Ndimathokoza chifukwa cha mtsikana wa ku Scotland uja, amene anayankha zoona osadziwa kuti akundithyola, ndipo mpaka pano amatumiza khadi pa Khirisimasi. Ndimathokoza chifukwa cha mkamwini amene sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi m'miyezi yonse ija.

Kapuyo ili pashelefu pamwamba pa ketulo. Sitimweramo. Mdzukulu wanga tsiku lina anabwera kusukulu n'kunena kuti aphunzira za mmene mawu amayendera, ndipo anapempha kuti akaonetse anzake za amalume ake. Ndinamupatsa kapu ina. Liwu lija la thovu linazimirira lokha m'nyumba mwathu. Basi ikachedwa timangoti yachedwa.

Mwana wanga wamkazi thupi linabwerera, koma mpaka lero sayandikira nyanja. Anzake akapita ndi ana kugombe nthawi yotentha, iye amapempha shifiti. Manda a ku Thyolo sindinawaonebe ndi maso. Amandiuza kuti pachitsa pamene anadula nthochi ija panaphuka ana ambiri, ndipo mchimwene wanga analetsa kuti asadyeko munthu mpaka ine nditafika.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupemphani zambiri. Mukamagwada, mutikumbukireko ife a m'nyumba muno: mwana wanga wamkazi amene watsala yekha mwa ana a m'mimba mwanga, mwamuna wake, mdzukulu wanga, ndi abale a ku Thyolo amene akusamala manda opanda munthu. Mukumbukirenso ana a eni amene ali panyanja lero lino, ndi amayi awo amene akhala pafupi ndi foni. Ndipo ine mundipempherere kuti ndikhale ndi mphamvu yokafika kumudzi, ndikadye nthochi ija.